Asamariya pa Maliro a Azeli

"Achimwene, Asamariya!" anakuwa Tiriza ali pachipata. "Akubwera kuno!"

Mchimwene wakeyo, Yowabu, anadzuka pansi pomwe anakhala chiikire bambo awo, Azeli, m'manda dzulo lake. Malaya ake anali ong'ambika pachifuwa monga achitira ofedwa. Atasuzumira kunja, anaona msewu wa kumpoto utadzaza anthu: amuna, amayi obereka ana, nkhalamba zoyendera ndodo. Ankangomveka ndi mapazi okha.

Anthuwo anaima patali ndi mpanda, podziwa kuti Myuda salola Msamariya kuponda pabwalo pake. Mkulu wina waimvi anasendera kutsogolo.

"Ndine Elidadi wa ku Sekemu. Tamva kuti Azeli atisiya."

"Bambo anga sankadziwana ndi anthu opembedza paphiri la Gerizimu," anatero Yowabu. Anansi anali atayamba kale kusuzumira ali pamadenga. "Bwererani musanatidetsere maliro."

"Mwana wanga, chaka cha mliri chija, bambo ako ankati akupita kuti?" anafunsa Elidadi.

"Ku Yeriko, kokagulitsa mafuta."

"Ankabwera kwathu. Ife mphamvu zinali zitatithera, mitembo ili m'nyumba. Iwo ndi amene ankaisambitsa, kuikulunga, n'kukumba manda okha. Mtembo wa mkazi wanga anachita kuubereka kumsana. Ndipo aliyense ankamugoneka nkhope italoza kuphiri lathu, phiri limene iwo sankalikhulupirira n'komwe."

Hulida, mayi wa anawo, anali atafika pakhomo, atagwira mphuthu.

"Kani n'chifukwa chake akabwerako ankagona kukhola sabata yathunthu, osalola kuti ndiwakhudze," ananong'ona. "Ine ndinkayesa andida."

Yowabu anayang'ana khamulo, nkhope ndi nkhope, mpaka kumene msewu unakhotera.

"Usavutike, sitilowa," anatero Elidadi. "Sitikufuna kukudanitsa ndi anansi ako. Ungotiuza chinthu chimodzi, chimene chibadwire sindinafunsepo munthu. Kodi Yerusalemu ali mbali iti?"



Yowabu anakweza dzanja pang'onopang'ono, naloza kummwera.

Khamu lonse linatembenuka, ndi ana omwe, kufulatira phiri la makolo awo, n'kuyang'ana ku Yerusalemu kumene Azeli ankapembedza. Elidadi anaika ndodo yake pansi, nakweza manja ake, n'kuyamba kuwapempherera Azeli.