Dimba la Kuseri kwa Geti

A Macfussy Hamisi anali atalondera zaka zinayi pageti la kompaundi ina ku Al Hilal, mumzinda wa Doha. Kuseri kwa kanyumba kawo ka ulonda kunali kamalo kamchenga komwe makina oziziritsa m'nyumba ankadonthezera madzi tsiku lonse. Chaka china, pochokera kutchuthi kwawo ku Balaka, anabwera ndi njere za mpiru, bonongwe ndi maungu, n'kufesa pamenepo kutentha kutangochepa mu Novembala. Pofika Januwale malowo anali biriwiri.

Umene unawaputira nkhani ndi nkhwani. Unayanga mpaka panjira, ndipo mwini nyumba nambala 14 anakodwa nawo phazi. Sanagwe, koma analembera kalata bungwe la eni nyumba a m'kompaundimo. Komiti inakokanakokana masabata awiri, ena akuti dimba lizulidwe, ena akuti silikulakwira munthu. Mapeto ake anaitumiza nkhaniyo kwa a Fahadi, loya amene ankalangiza bungwelo pa zamalamulo.

Lachiwiri m'mawa kunafika mayi wina atanyamula failo, nati a Fahadi amutuma kudzajambula malowo. Atazungulira kuseri anaima, n'kuyankhula Chichewa.

"Bonongwe ameneyu? Ku Doha kuno?"

Anali Callista, wa ku Ntcheu, kalaliki wa mu ofesi ya loyayo. A Macfussy anaseka mpaka kuvula chipewa. Anafunsana zakumudzi kanthawi, kenaka iwo anatsitsa mawu.

"Ndiye achemwali, mundithandiza?"

"Sindikunamizani, bambo. Malamulo a bungwe akuti malo onse a kunja kwa nyumba ndi a eni nyumba onse pamodzi. Munthu mmodzi sangawagwiritse ntchito payekha, kaya ndi mwini nyumba, kaya mlonda. Wodandaulayo sakunama."

"Nanga ntchito yanga?" anafunsa a Macfussy. Masambawo sanali kanthu kwenikweni. Chimene ankaopa ndi kalata yopita ku kampani yawo, poti kontirakiti inkatha mu Juni.

"Za ntchito musade nazo nkhawa, palibe amene wazitchula," anatero Callista. Anajambula zithunzi, anayeza malowo ndi tepi, anafunsa komwe madzi amachokera, n'kumapita.

Msonkhano unachitika Loweruka masana m'holo ya pafupi ndi dziwe losambira. A Macfussy sanaitanidwe. Anali pageti, akutsegulira magalimoto. Dzuwa litapendeka Callista anatuluka n'kuwafotokozera. A Fahadi anauza anthuwo kuti komiti payokha ilibe mphamvu yololeza dimbalo. Koma eni nyumba awiri mwa atatu alionse atagwirizana, angathe kusandutsa malowo dimba la bungwe, n'kusankha wolisamalira. Anthu anavota, ndipo ovomera anakwana. Wa nambala 14 anakana, napempha kuti zilembedwe kuti chomera choyanga chisapezekepo. Pamenepo palibe anatsutsa.

Tsiku lomwelo a Macfussy anazula maungu onse. Lolemba anasaina pepala lowatcha wosamalira dimba.

Apa m'pomwe anazindikira kuti dimbalo silinalinso lawo. Madamu a nambala 3 anatumiza mbande za timbewu tonunkhira tothira mu tiyi. A nambala 9 anafuna tomato. Antchito a m'nyumba anayamba kubwera ndi timbale m'mawa, aliyense akuti abwana amutuma. Mpiru unatsala ndi mizere iwiri yokha.

Patapita mwezi anamuimbira foni Callista.

"Achemwali, lamulo lanu lija likuti chiyani za anthu othyola osapempha?"

"Likuti ndi dimba lawo, bambo. Khalas, nkhani yatha."

"Nanga ndikaika mpanda ndi loko?"

"Muyambe mwalembera komiti."

A Macfussy anaganizira pang'ono, n'kunena kuti makalata akwana. M'malo mwake anapempha katoni kwa dalaivala wa galimoto ya madzi akumwa, nalembapo m'Chingerezi masiku othyola, Lolemba ndi Lachinayi, n'kuipachika pakhoma. Ambiri anatsatira.