Chikaphonya Chigunda Khoma

Akuba analowa m'nyumba ya Dixon dzuwa likuswa mtengo, banja lonse lili ku tchalitchi. Anaswa chitseko chakumbuyo, natenga TV ndi laputopu. Ndipo ngati chipongwe chimenecho sichinakwane, mmodzi anatsegula firiji, n'kuluma ntchafu ya nkhuku ya nkhomaliro, n'kuibwezera momwemo. Apolisi a ku South Bend, mzinda wa ku America kumene ankakhala, anabwera, anafunsa zofunsazo, napita, ndipo mawa lake kalipentala anaika chitseko china.

Dixon anagwidwa mantha, tinene zoona, ngakhale mwini wake ankawatchula kuti udindo. Ankagwira ntchito ya makompyuta ku yunivesite, koma masiku amenewo mutu wake unali kunyumba basi. Mkazi wake, Tusekele, anali namwino wa mashifiti ataliatali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiffany, anali atangoguluka mano akutsogolo. Nanga akubawo akanapeza mwanayo ali m'nyumba? Funso limeneli linkamudya bamboyo ngakhale pa chakudya, mpaka anayamba kuonera mavidiyo a mfuti pafoni n'kumaloweza manambala ake.

"Mayi a Tiffany, ine ndadisaida," anatero tsiku lina. "Tigula mfuti."

Anali atakonzekera mkangano, mayankho ali m'thumba. Koma Tusekele anangopukuta m'manja.

"Chabwino. Koma ndipita nawo. Chinthu cholowa m'nyumba muno ndimayamba ndachigwira kaye, ngakhale chikhale poto."

Loweruka anasiya mwana kwa Theresa, mnzawo wa ku tchalitchi, nayamba ulendo wa ku Indianapolis, minda ya chimanga uku ndi uku. Kumeneko kunali Sosten, mnzake wa Dixon kuyambira ali pasukulu ku Zomba, Mmalawi yekhayo amene Dixon ankamudziwa kuti amasunga mfuti. Sosten anali munthu wabwino, koma wa mtundu uja woti akadziwa kanthu, mudzi wonse uyenera kumva. Anawadikira pa sitolo ina yapafupi ndi msewu wa Lafayette, yomwe kumbuyo kwake kunali holo yophunzirira kuwombera.

"Achimwene, musatayitse nthawi," anatero asanamalize n'komwe moni. "Fote-faivi basi. Imeneyo ukangoshuta kamodzi, nkhani yatha. Alamu, inu mukhala pambali, muzitijambula."

"Ndamva, alamu," anatero Tusekele.

Wophunzitsa anali Joan, mayi wa imvi wolankhula pang'onopang'ono. Anawaveka zotseka m'makutu ndi magalasi, nawafotokozera kuti manambala aja amangonena kunenepa kwa chipolopolo. Anaika zipolopolo ziwiri patebulo. Cha fote-faivi chinali chonenepa, chachifupi, chooneka chamwano. Cha naini chinali chowonda poyerekeza ndi chinzakecho. Dixon sanachiyang'ane kawiri chowondacho.

Anatenga fote-faivi, naima monga ankaimira anthu a m'mavidiyo, nakoka kachitsulo kowombera. Mfutiyo inalira ngati denga lagwa, inadumpha m'manja, ndipo maso ake anatsinzina okha osauzidwa. Anawomberabe mpaka zipolopolo zinatha, mano ali gwa. Pepala limene ankaliwombera atalikokera pafupi, mabowo anali balala, lina pamwamba, lina m'mphepete, ndipo ngakhale wosadziwa masamu akanaona kuti mabowowo anali ochepa kusiyana ndi kulira kuja.

"Yamphamvu, eti?" anatero Sosten, akumumenya paphewa. "Muizolowera."

Kenako Tusekele anapereka foni kwa Sosten, napita kwa Joan. Sanayambe ndi kuwombera. Anafunsa kaye kuti munthu amadziwa bwanji kuti mfuti ilibe kanthu m'kati. Anachotsa zipolopolo, nazibwezera, nazichotsanso, mpaka manja anazolowera. Anafunsa za bokosi lachitsulo losungiramo mfuti, lotseguka ndi chala cha mwini wake chokha, ngati mwana wochenjera sangalitsegule. Sosten anayamba kuyang'ana wotchi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi uyu kudekha anabadwa nako.

Anayesa fote-faivi, nayiika pansi. "Iyi ikundilamula," anatero. "Tandipatsani inayo."

Ndi naini zinthu zinasintha. Anapuma, nawombera, napumanso, nawombera, osathamanga, osagwedeza nkhope. Pepala litabwera, mabowo onse anali pamodzi pakati, oti chikhatho chimodzi chikanawaphimba. Joan anaseka mokondwa. Sosten anaiwala kujambula.

Dixon anayang'ana manja a mkazi wake. Anali manja omwe aja opeza mtsempha pa mkono wa khanda pamene ena onse alephera, manja amene iye anali atawazolowera mpaka kusiya kuwaona. Anamunyadira kwambiri mkaziyo. Koma nsanje nayonso inalipo, poti mwamuna ndi mwamuna, makamaka mnzake ali pomwepo.

"Bambo a Tiffany," anatero Tusekele motsitsa, akuyang'ana pepala la mwamuna wake, "zipolopolo zinazo zapita kuti?"

"Aaa, zimenezo musadandaule nazo. Chikaphonya chigunda khoma, basi."

Si kuti Dixon sankadziwa mmene nyumba za kuno zimamangidwira. Anali atakhomapo zithunzi m'nyumba mwake, msomali n'kulowa ngati mu mbatata yophika. Koma iye anakulira ku Kawale, m'nyumba ya njerwa zootcha imene bambo ake anamanga, momwe msomali unkapindika usanalowe. Pakamwa pake pakatuluka mawu oti khoma, m'mutu mwake munkaima khoma limenelo. Zaka zonse za ku America sizinalisunthe.

Tusekele anatembenukira kwa Joan, nafunsa kuti pa zipolopolo ziwirizo ndi chiti chimaima chikagunda khoma la m'kati mwa nyumba. Joan anayankha kuti palibe. Anawatengera pakona pamene anandandalika zidutswa za makoma oterowo, choko chopanikizidwa pakati pa mapepala awiri, ndipo zonse zinali zobooka ndi zipolopolo kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Anati zilipo zipolopolo za dzenje kumutu, zimene zimaphwasuka zikagunda chinthu, ndipo n'zabwinoko m'nyumba, koma nazonso munthu asazidalire. Chachikulu n'chakuti utenge mfuti imene suphonya nayo.

"Za otsatsa malonda izi," anatero Dixon m'Chichewa. Sosten, amene ankakhala m'nyumba yogundana ndi za eni ake mbali zonse, sanamuvomereze. Maso ake anali pa mabowowo.

Apa mkazi wina akanapambana mlandu pomwepo, pamaso pa anthu, n'kusunga chipambanocho kuti azichitulutsa chaka ndi chaka. Tusekele sanatero. Anavula zotseka m'makutu, nathokoza Joan, nati kwa mwamuna wake, "Tiyeni tikaone kaye nyumba yathu. Mfutizi sizithawa." Anabwerera ku South Bend ndi nyama ya mbuzi ndi thumba la ufa zimene anagula pa sitolo ya pamsewu womwewo.

Lamlungu masana, atabwera ku tchalitchi n'kudya, Tiffany analowa kuchipinda kwake ndi makrayoni. Tusekele anamupeza mwamuna wake pabalaza.

"Tandionetsani. Atalowanso anthu aja, inu mungaime pati?"

Limeneli ndi funso limene Dixon anali ataliyankha kambirimbiri mumtima mwake. Anadzuka mwachangu, nakaima pakhomo la chipinda chawo, phewa litatsamira felemu, natambasula mkono. Chala chake chinaloza m'kanjira kopita ku chitseko chakumbuyo.

"Apa. Akangotulukira, ndamuona."

"Mwaima bwino," anatero Tusekele, ndipo ananena zoona. "Tsopano phonyani pang'ono, ngati dzulo."

Anagwira mkono wa mwamunayo ndi zala ziwiri, naukankhira kumanzere pang'ono pokha. Chala chija chinasiya kanjira, n'kuloza khoma loyera la pambali pake.

"Chagunda khoma," anatero Dixon, koma mawu ake anali atayamba kale kuchepa.

"Eya. Tamuitanani mwana. Osakuwa ayi. Monong'ona, ngati simukufuna kuti amve."

Dixon anamuyang'ana mkazi wake. Pankhope pake panalibe chipongwe, panalibenso kudzitama. Panali mantha omwe aja amene iye ankaganiza kuti akuwasenza yekha. Ananong'ona motsitsa kwambiri moti iye mwini anangodzimvera patali.

"Tiffany."

"Yes, Daddy?"

Mawuwo anatuluka m'khoma momwemo, pafupi, omveka bwinobwino, pamalo enieni pamene chala chinaloza. Mkono wa Dixon unagwa wokha.

Tusekele anaika dzanja pamsana pake.

"Tigula naini yanu ija," anatero Dixon. "Ndi bokosi lija. Ndipo siilowa muno mpaka nditaphunzira kushuta ngati inu."

"Tiphunzira tonse," anatero mkaziyo. "Koma bedi la mwana lichoke lero."

Dixon anatsegula chitseko cha mwana wake. Tiffany anali atagona chamimba pabedi, miyendo ikugwedera m'mwamba, mutu utagunda khoma, akupaka utoto wachikasu pa chithunzi cha galu. Bamboyo anamunyamula momwemo ndi makrayoni ake, namukumbatira mwamphamvu mpaka mwanayo anayamba kuphiriphitha.

"Daddy, what did I do?"

"Palibe, mama, palibe chimene walakwa," anatero Dixon, nkhope ataibisa m'tsitsi la mwanayo. "Tenga pilo wako. Tikusamutsa."