Mbali ya ku Windo

Anti atakwatiwa m'nyumba ya atelala, anapeza zinthu zonse zili m'malo mwake ngati mwini wake wangothamangira kumsika. Makapu pa shelefu, apuloni kuseri kwa chitseko, ngakhale masilipasi pansi pa sinki. Koma mwini wakeyo, mkazi woyamba wa atelala, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, n'kusiya atsikana awiri. Wamkulu, wa zaka khumi ndi zisanu, onse ankangomuti Sisi, ndipo pakamwa pake, abale inu, ngati lezala. Wamng'ono anali Kanyenyeswa, kamwana kodya mojompha ngati mbalame. Anawa sanawatchulepo mayi atsopanowa kuti amayi. Anali Anti basi.

Ndiye nyumbayi inali ndi chizolowezi chake. Loweruka lililonse ikakwana folo koloko, atelala ankavundikira makina awo, banja lonse n'kukhala pansi mozungulira katebulo ka pabalaza. Kunalibe za mafoloko, kunalibe mbale ya munthu. Pakati pankakhala mbale imodzi yaikulu ya zosunsira, m'mbali mwake tizidutswa ta buledi wowamba, makaroti ndi nkhaka zodula ngati zala, tchipisi, nthawi zina mazira owiritsa. Aliyense ankangotola n'kusunsa, nkhani zili mkati.

Loweruka lawo loyamba, Anti anati lero ana awa andidziwa. Anaphwanya mapeyala anayi ndi foloko mpaka osalala, anafinyiramo ndimu, n'kuthiramo adyo wosinja, anyezi ndi yogati masupuni awiri. Anthu atayamba kudya, iwo anali akadali uku ndi uku, kutembenuza buledi kukhitchini. Pobwera anapeza mbale yadyedwa mbali zitatu, koma mbali yoyang'ana ku windo ili chiimire, osakhudzidwa n'komwe. Pambali pomwepo panali khushoni lopanda munthu.

Mtima wa Anti unangoti myaa. Anati ana aulemu bwanji awa, andisungira! Anakhala pa khushonipo, anatola karoti, n'kusunsa mwamphamvu pakati penipeni pa kaphiriko.

Atelala anaima kutafuna. Kanyenyeswa anagwetsa kabuledi kake.

"Bwanji kodi? Adyo wachuluka?" anafunsa Anti, karoti ali m'kamwa.

"Mwadya za amayi," anatero Sisi.

"Iwe Sisi," anatero atelala motsitsa mawu.

"Ndanama, adadi? Akhalanso pamalo pawo. Mawa avala ndi masilipasi omwe."

Apa m'pamene atelala anafotokoza, maso ali pa kapeti. Malemuwo ankakhala ku windo chifukwa ankamva kutentha msanga. Chimwalirireni, palibe ankasunsa mbali imeneyo. Akatha kudya, atelala ankaika mbaleyo pa windo mpaka dzuwa litalowa, kenako n'kukaitsuka okha. Anaiwala kuwauza Anti. Eti kuiwala! Azibambo enawa.

Anti anameza karoti uja movutikira ngati mwala. Anapepesa, anadzuka, n'kukakhala pa kampando ka kukhitchini.

Zoopsa zinayamba Loweruka lotsatira. Anti anakonza zosunsira m'mawa, anasalaza pamwamba ndi kumbuyo kwa supuni, anavundikira n'kuika m'furiji. Potulutsa masana, anapeza mzere. Mzere umodzi wa chala, woyambira m'mphepete mwa mbale kulowera pakati, wakuya bwinobwino, ngati munthu walawa.

"Sisi, ngati uli ndi mawu ndi ine, lankhula ndi pakamwa, osati ndi chala."

"Ine? Ndachoka m'mawa kukalukitsa tsitsi, onani nokha mutuwu. Komanso zophika zanu ndingazibe? Ndili ndi njala yotani?"

Anti anausalaza mzerewo osauzanso wina.

Loweruka lachitatu anatsala okha m'nyumba. Atsikana anapita kwa azakhali awo, atelala anakapereka masuti a ukwati. Ulendo uno Anti anasintha, anaponda nyemba zophika n'kuthiramo mafuta ndi ndimu. Anakuta mbale ndi pulasitiki, n'kuimanga ndi labala kawiri. Ali mkati mosita m'chipinda, dzuwa lili phwee panja, anamva chitseko cha furiji. Mukudziwa kaphokoso kaja, kamene kamamveka labala wa chitseko akamamatuka. Kenako mabotolo a mkati anagundana, ngwee, chitseko n'kutsekeka pang'onopang'ono, mwaulemu.

Anti anaima ndi simbi m'manja mpaka malaya a atelala anayamba kununkha. Atalimba mtima n'kupita kukhitchini, munalibe munthu. Zitseko zonse zinali zokhoma. Pulasitiki anali chimangire, osabooka. Koma pansi pake, pa nyemba zija, mzere uja unalipo.

Atawauza amuna awo madzulo, iwo anaseka kuseka kosafika m'maso.

"Mwina ndi mphemvu, mayi."

"Mphemvu ya chala? Yodziwa kumanganso labala?"

Atelala anatenga tepi yawo n'kuyamba kuyeza nsalu imene anali atayeza kale.

Sabata imeneyo Anti anaonda. Akalowa kukhitchini ankayamba aodira, m'nyumba mwawo momwe! Akamatsuka mbale ankamva ngati wina waima kumbuyo kwawo, akuyang'ana mmene akugwirira siponji. Anaganiza kuti nkhani yake ndi yoonekeratu: anadya gawo la mwini nyumba, ndiye mwini nyumba akuwauza kuti achoke. Chomwe chinkawapweteka n'chakuti atelala ankawakonda, ndipo Kanyenyeswa anali atayamba kuwagwira chala powoloka msewu. Komabe Lachisanu analongedza chikwama n'kuchikankhira pansi pa bedi. Anati ndikonza komaliza mawa, mzere ukapezekanso, Lamlungu ndili kwathu.

Loweruka anakonzanso za mapeyala. Itakwana fili koloko anatsegula furiji, anatulutsa mbale, anachotsa chivundikiro. Mzere uli pomwepo. Anti anakhala pa kampando kaja, mbale ili pamiyendo, misozi n'kuyamba yokha.

Kanyenyeswa analowa kudzafuna madzi. Anaimirira ndi zala za kumapazi n'kusuzumira m'mbalemo.

"Mchere wachepa," anatero kamwanako.

"Wati chiyani, mwanawe?"

"Amayi akuti mchere wachepa. Akalawa kamodzi ndiye kuti wachepa. Ankatero kwa Sisi akamamuphunzitsa. Salankhula, amangolawa n'kuchoka, iwe uzidziwa wekha."

Anti anapukuta maso ndi apuloni. "Nanga ukakwana?"

"Amabwereza. Kawiri." Kanaonetsa tizala tiwiri, kanamwa madzi ake, n'kutuluka ngati palibe chimene kanena.

Zoona, Anti dzanja lawo la mchere linali lopepuka chibadwire, kwawo ankawanena nazo. Anatapa mchere ndi zala zitatu, anawaza, anatakasa, anasalaza ndi supuni. Poika m'furiji anadzimva akulankhula, mawu otsika ngati a mtsikana wongofika kumene pabanja.

"Akulu, ndathira. Ngati simukundifuna, musavutike n'kulawa, ndimva. Ana anu sindinabwere kudzawalanda."

Anatseka furiji, anatuluka, n'kukaima pakhonde atafulatira chitseko. Anaona mayi wina akudutsa ndi ambulera, galu akudzikanda pa geti. Kumbuyo kwawo kaphokoso kaja kanamveka. Tsitsi lonse linawaimirira, koma sanacheuke. Panapita nthawi yaitali kuposa kale chitseko cha furiji chisanatsekeke.

Folo koloko itakwana, Anti ananyamula mbale ija osaivundukula. Analibe mphamvu zoyang'ana okha. Anaiika pa katebulo, pakati pa nkhaka ndi buledi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mwayamba kutipatsa ndi chivundikiro chomwe? Tisunse chimenechi?" anatero Sisi, n'kuvundukula.

Pa mapeyala paja panali mizere iwiri yoyandikana, wachiwiriwo wakuya kuposa woyamba, ndipo yonse inali mbali ya ku windo, ngakhale Anti anaika mbaleyo osaona kuti yaloza kuti.

Atelala anavula magalasi. Sisi anayang'anitsitsa mizereyo.

"Ine sanandibwerezerepo," anatero potsiriza, mawu atasasa. "Chaka chathunthu ndikuphunzira. Kamodzi kokhakokha."

"Chifukwa iwe umathira ngati ukuwerenga timibulu," anatero Kanyenyeswa, tchipisi ili kale m'manja.

"Iwe khala chete, kambewa iwe."

Anti anatembenuka kuti azipita ku kampando kawo.

"Anti." Anali Sisi, akupukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja, osawayang'ana. "Mukupitanso kuti? Pa khushonipo ayi, m'pa amayi. Koma apa pali malo." Anasendera kwa mng'ono wake mpaka kumupanikiza. "Sendera iwe, wanenepa liti?"

Malo ake anali ochepa, pakati pa Sisi ndi khushoni lija. Anti anagwada, anapinda miyendo, n'kudzipanikiza pomwepo. Anatola kabuledi, anasunsa kutsogolo kwawo kwenikweni, mosamala kuti asafike ku mizere ija. Mchere unali wokwana ndithu.

Ali mkati motafuna, anamva kuzizira pa chigongono cha kumanzere, ngati akhudzana ndi munthu amene wangosamba kumene madzi ozizira. Kenako khushoni lija linakhwekhwerezeka pa kapeti, pang'ono chabe, kusendera ku windo. Onse analimva. Palibe anayang'anako.

"Apatseni nkhaka Anti, zili kutali," anatero atelala.