Mbidzi za pa Nyika Zinanditsekera Njira

Loto ili landisowetsa mtendere. Ndinalota ndili pa Nyika, mumsewu womwe ndinadutsa pa lole pokaika maliro a mwamuna wanga ku Chitipa. Koma ulendo uno ndinali wapansi, wopanda nsapato. Udzu unkazizira mpaka m'mafupa, nkhungu ikundilowa m'kamwa, ikukoma mchere.

Mwadzidzidzi mbidzi zinandandalika n'kutseka msewu. Imodzi inayankhula ndi mawu a alamu anga, amene anandilanda mwana wanga Tiyezge maliro atatha.

"Bwererani, mlamu. Mwana ndi wa kuno, tinalowola."

"Ng'ombe zanuzo sizinamuyamwitse, alamu," ndinayankha. "Patukani!"

Ndinalowa pakati pa mbidzizo. Nthiti zawo zinkatentha, mizere yakuda ikundimatirira m'manja ngati mwaye. Phiri linapendekeka, miyala ikugubuduka chokwera, ine osaima. Kuseri kwa nkhungu ndinamva Tiyezge akutsokomola, koma ndinadzidzimuka ndisanamuone.

Mayi anga akuti lotoli likundichenjeza kuti ndisapite ku Chitipa kukatenga mwana wanga. Kaya, mwina n'zoona. Koma chikwama ndamanga kale, Loweruka ndikukwera basi. Alamuwo akanditsekere njira ndili maso.