Phazi Lomwe Silinalowe M'tepi

Bambo anga a Severi ankaimba vayolini ndi manja awiri komanso phazi limodzi. Kwa zaka makumi asanu, maukwati onse a m'mbali mwa mtsinje wa Perho ankawatsogolera ndi iwo, ndipo ovina sankatsata zingwe kwenikweni, ankatsata chidendene cha jombo chikamagunda thabwa. Ine Hilja ndinkawathandizira pa limba lopopa ndi mapazi kuyambira ndili kamtsikana, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena.

Pofika 1961 zala zawo zinali zitayamba kuuma. Nyimbo zoposa zana zinali m'mutu basi, pakuti kulemba manotsi sankadziwa. Ndine ndinalemba makalata atatu ku yunivesite ya ku Helsinki, kuchonderera kuti atitumizire munthu adzazijambule pa tepi Bambo asanapite nazo kumanda. Mpaka lero ndimadziluma chala.

Anabwera a Sormunen a ku yunivesite, m'mwezi wa chisanu choopsa, ndi makina ojambulira mawu olemera ngati mwana wa ng'ombe. Anamwa khofi makapu atatu, n'kuvala zomvera m'makutu, n'kukodola kuti tiyambe. Bambo anayamba polska, nyimbo yovina yolowetsera mkwatibwi m'nyumba. Isanafike n'pakati pomwe, mlendo uja anakweza dzanja. Akuti phazi likugwedeza makina.

Anawavulitsa jombo. Chidendene chinagundabe m'sokosi. Anaika pilo pansi, pilo n'kuthawira kunsi kwa tebulo. Limba langa analiletsanso, akuti likupuma mokweza.

"Nanga anthu avina bwanji?" anafunsa Bambo.

"Muno mulibe ovina, achikulire. Tikusunga nyimbo, osati phokoso."

Bambo anandicheukira. "Iwe Hilja, mlendo wakoyu wadzera nyimbo kapena wabwera kudzandiyeza bokosi?"

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba. Basi yobwerera mlendoyo inali ya mawa lake, ndipo ndinkadziwa kuti wina sadzabweranso. Choncho a Sormunen atandipempha kuti ndigwire bondo la Bambo, ndinagwada n'kulipanikiza ndi manja onse awiri. Linkalimbana nane ngati nkhuku yoti iphedwe. Bambo ankangoyang'ana pawindo.

Anaimba nyimbo makumi anayi ndi zitatu. Zinatuluka zozizira, zokayikakayika, ngati munthu woyenda pa madzi oundana amene sakuwakhulupirira. A Sormunen anakondwa kwambiri, akuti sanajambulepo zomveka bwino chotero. Atatibwezera tepi kuti timve, Bambo anamvetsera pang'ono n'kufunsa kuti woimbira maliroyo ndani. Kenaka anavala jombo zawo n'kupita kukawaza nkhuni. Anamwalira chaka chotsatira, mbatata zisanakumbidwe.

Lero dzina lawo lili ponseponse. Chilimwe chilichonse ana amasonkhana kusukulu ya m'mudzi mwathu kuphunzira nyimbo za a Severi, ndipo mphunzitsi wawo weniweni ndi tepi ija. Amaitsata mpaka pamene Bambo anazengereza chifukwa ndinawapanikiza kwambiri, napo amazengereza onse pamodzi. Zimandiwawa, ndipo palibe woti ndimukalipire.

Chilimwe chathachi anandiitana monga mwana wa mwini nyimbo. Anandikhazika kutsogolo, n'kundifunditsa bulangete m'miyendo. Ana makumi atatu anayamba polska ya mkwatibwi ija, mapazi ali duu pansi. Zinandikwana. Ndinakankha bulangete n'kuyamba kugunda chidendene mmene zinkayenera kukhalira, ndipo kamtsikana kena kakumapeto kanayamba kunditsatira, uta wa vayolini yake n'kudzuka.

Mphunzitsi wawo, mayi Outi, anaimitsa nyimbo n'kubwera kwa ine akumwetulira.

"Agogo, pepani, mukuwasokoneza ana. A Severi sankagunda pansi. M'tepi yonse phazi silimveka n'kamodzi komwe, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene timawakondera."

Ndinawauza kuti phazi silimveka chifukwa bondo ndinaligwira ndine, ndi manja awiri omwewa. Ndinawaonetsa manjawo. Anandisisita paphewa, n'kunena kuti tonse tikamakula timakumbukira zinthu mosiyanasiyana, koma tepi sinama. Anatuma munthu kuti andibweretsere khofi.

Kamtsikana kaja kanali katabweza kale phazi lake kunsi kwa mpando. Ana anayambiranso nyimbo mofatsa, ndipo itatha makolo onse anaombera m'manja ali chikhalire.