Manda a Achimwene ku Rockville

Nkhani ya Emelda ku Rockville ambiri amangoimva mwapatalipatali, ena mpaka kuithira mchere, ati anakomoka mu ofesi ya azungu. Bodza limenelo, sanakomoke ayi. Koma kunjenjemera kokha ndiye kunalipo, kosati masewera.

Munali mu 1983. Emelda anali mkazi wa a Medson, aja ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington, ndipo nthawi yawo yobwerera kumudzi inali itayandikira. Makatoni anali atayamba kale kumangidwa. Koma panali chinthu chimodzi chimene mayi ake anamutuma tsiku lonyamuka ku Dedza, iye n'kumangochizengereza zaka zonsezo: kufufuza za achimwene ake, a Lawrence Msampha. A Lawrencewo anapita ku Amereka kukaphunzira Emelda ali kamtsikana, kenaka zii, osamvekanso. Mayi awo sanalire maliro, sanamete, komanso kuseka anasiya.

"Ngati anafa udzandiuze ndilire," anatero mayiwo. "Ndisafe ndikudikira munthu woti kulibe."

Nanga bwanji ankazengereza? Paja kunkamveka manong'onong'o oti a Lawrence anawalanda sikolashipu chifukwa cholankhula zandale. Ndiye masiku amenewo inu, dzina la munthu wotero silinkatchulidwa ngakhale uli wekha kubafa. Mkazi wa wantchito wa boma kupezeka akusaka munthu ngati ameneyo? Mawa lake a Medson akanaitanidwa kumudzi, ndipo pabwalo la ndege sakanawachingamira abale ayi.

Ndiye pa ukwati wina ku Landover, kufupi ndi Washington, bambo wina wa ku Malawi woyendetsa takisi, atakhuta mowa, anamukokera pambali Emelda n'kumunong'oneza kuti, "Mlongo wanu uja anatisiya kalekale, cha m'ma 1971, ku Rockville, tauni yapafupi pompano. Ankatsuka mbale mulesitilanti. Ine sindinanene kanthu." Basi n'kubwerera kovina.

Emelda anauzako munthu mmodzi yekha, Anne Mwamba, mnzake wa kutchalitchi, wa ku Zambia, wogwira ntchito kubanki, wagalimoto yakeyake komanso wosaopa munthu. Anne ndiye anamuuza kuti kuno boma la dera, lotchedwa kaunti, limalemba aliyense womwalira, ndipo wachibale akhoza kukafunsa. Anapangana zopita ku ofesi ya kauntiyo Lachitatu m'mawa, a Medson ali kuntchito, ana ali kusukulu.

Emelda analowa m'galimoto atavala magalasi akuda, kolala ya chikhoti atayiimika mpaka m'makutu.

"Iwe Emelda, uoneka monga kawalala wofuna kuba manje," anaseka Anne. "Chosa vimagalasi ivo."

"Inu a Anne simukudziwa. Kwathu munthu amasowa chifukwa cha moni chabe."

Njira yonse maso anali kumbuyo. Galimoto ina yakuda itawatsatira kwa kanthawi, Emelda anadzipinda mpaka mutu kugunda maondo, akupemphera chamumtima. Galimotoyo inakhotera kogula mafuta, koma mtima wake sunakhale pansi.

Mu ofesimo munali fungo la mapepala akale ndi khofi. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wachikuda, wojintcha, magalasi akulendewera pakatcheni, dzina lake Mayi Wilkins. Anamupatsa Emelda fomu, ndipo atafika poti alembe dzina lake, anayamba wacheukira kuchitseko. Analemba dzina la kwa bambo ake, la a Medson sanayerekeze.

Mayi Wilkins analowa m'kati, n'kukhalitsako. Chitseko cha panja chikangoti kwee, Emelda ankadzidzimuka, akuganiza kuti walowa wa ku ofesi ya kazembe. Kenaka mayi aja anatulukira akupukusa mutu.

"Msampha mulibe, mwanawe," anatero m'Chingerezi. "Ndayang'ana chaka chimenecho, cham'mbuyo ndi cham'tsogolo chomwe. Analibe dzina lina?"

"Ayi," anayankha Emelda msangamsanga. Mwina a takisi aja unali mowa chabe! Mwina achimwene ali moyo kwinakwake, anakwatira mzungu! Anayamba kale kutola kachikwama kake.

Koma Anne anamugwira mkono. "Yembekeza. Ku sukulu anali kulemba zina iti? Kwathu ku Chipata munthu akafeluka mayeso anali kubweleka zina ya mubale. Kwanu kunalibe?"

Apo ndiye Emelda anakumbukira. Kunalipo, kunalipo ndithu. Mwana akalephera mayeso omaliza a pulayimale, kapena akakula msinkhu, sankamulola kubwereza. Ndiye makolo ankamutumiza kusukulu ina yakutali ndi dzina la m'bale amene sukulu anaisiya. A Lawrence anatero. Anatenga dzina la msuweni wawo, mwana wa amalume, ndipo dzina limenelo ndi lomwe anakhoza nalo, kupita nalo kusekondale, mpaka kukwera nalo ndege. Kunyumba palibe ankalitchula, chifukwa unali mlandu, ndiye Emelda anakula akungodziwa kuti achimwene ndi a Lawrence basi.

Vuto linali lakuti mwini dzinalo anali moyo. A Fryson Chabwera, okonza njinga pa Linthipe, omwe anamunyamulira sutikesi Emelda tsiku lonyamuka, akutsokomola chifuwa chawo chija chosatha. Kufunsa munthu wamoyo m'kaundula wa akufa? Kumeneko ndi kulaula, n'kumuitanira imfa munthu wosalakwa.

"Kamba iwe," anatero Anne.

"Sindingathe, a Anne. Munthuyo ali moyo, ali ndi ana."

"Manje amai ako uzabauza chani?"

Emelda anasendera pakauntala. Anawerama n'kunong'ona dzinalo. Mayi Wilkins anatchera khutu n'kunena kuti sanamve, alankhule mokweza. Analitchulanso, ndipo ulendo uno linamveka ofesi yonse, mpaka bambo wina amene ankadikira pabenchi anatembenuka.

Mayi Wilkins sanachedwe. Anabwera ndi pepala, nkhope itagwa. Fryson Chabwera, mwamuna, wobadwira ku Malawi, anamwalira ndi chibayo mu Januwale 1971. Wachibale sanapezeke, ndiye anaikidwa ndi boma la kaunti.

"Pepa kwambiri, mwanawe. Ndikukonzere kope upite nayo kwanu?"

Anamusendezera pepalalo, koma Emelda anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Pepala lachidindo lonena kuti a Fryson anafa, alilowetse m'sutikesi, akalitulutse pamaso pa eni ake? Nanga a Frysonwo atagwa mwezi womwewo, mudzi ukanati wawapha ndani?

"Ayi! A Fryson ali moyo!" anakuwa, m'Chingerezi chomwe.

Mayi Wilkins anavala magalasi aja pang'onopang'ono. "Ali moyo? Nanga amene anamwalirayu ndani?"

Emelda anazindikira kuti waulula yekha ndi pakamwa pake, mu ofesi ya boma la eni, kuti m'bale wake analowa m'dziko muno ndi dzina la wina. Pambali pa mayiwo panali foni yakuda, ndipo iye ankangoyang'ana dzanja lawo. Akaimba kupolisi, apolisi aimba kwa kazembe, basi zonse zathera pomwepo.

"Chisoni chamusokoneza," Anne analowererapo. "Ni brother wake, anali na maina awiri."

Mayi Wilkins anawayang'ana onse awiri kwa nthawi yaitali. Kenaka dzanja lija linadutsa foni n'kukatola pensulo. "Pepala ngati simulifuna likhala konkuno," anatero. "Koma kumene anagona mungafune kukudziwa." Anawajambulira njira yopita kumandako.

Manda ake sanali kutali. Anafika dzuwa lili paliwombo, koma mphepo ikuluma. Anayendayenda kumapeto, kufupi ndi mpanda, kumene kunali timiyala tating'onoting'ono togona pansi, topanda maluwa. Anne ndiye anakapeza kamwalako. Dzina la a Fryson linali pomwepo, lozokotedwa bwinobwino, udzu utalimera m'mbali.

Emelda anagwada. Sanafune kuliwerenga kawiri, ndiye analiphimba ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Achimwene a Lawrence," anatero, "ndine Emelda, mlongo wanu wamng'ono uja. Amayi andituma. Sitinadziwe, mutikhululukire. Koma dzinali munangobwereka, achimwene, sukulu inatha. Libwezeni, mwini wake akulera nalo ana. Inu ndinu a Lawrence, mugone ndi lanu."

Atatero anacheukira kumsewu, kuopa kuti wina wamuona. Ankafuna kulira, koma kulira mokweza kunja kuno, masana, dziko la eni?

"Lira chabe," anatero Anne, ataima momutchinga. "Kulibe motoka, nili kuyangana."

Ndiye Emelda analira, kulira kwenikweni kwa kumudzi, kotchula dzina, manja osawachotsa pamwala paja. Pepala analibe, koma tsopano anali ndi mawu okawauza mayi ake, kuti ayale mphasa, aitane abale, alire mwana wawo, amete.