Kalata ya aMawa ku Khonsolo

Amuna anga ndi atelala, ndipo kwa zaka makumi awiri mumsewu mwathu munalibe telala wina. Anthu anawapatsa dzina loti aMawa, chifukwa aliyense wodzatenga chovala ankauzidwa kuti, "Kwangotsala mabatani, mubwere mawa." Mawa lakelo nthawi zina linkatha milungu itatu. Luso ali nalo, pamenepo sindingawanamizire, koma anthu ankapirira chifukwa chosowa kolowera.

Kenaka mayi wina anatsegula shopu yosokera moyang'anizana ndi yathu. Iyeyo akati Lachitatu, linali Lachitatu ndithu. Pasanathe miyezi iwiri, chingwe chathu chopachikapo zovala chinatsala ndi mathalauza atatu okha. Sukulu imene timaisokera mayunifomu nayonso inatumiza uthenga woti chaka chino iyamba yaganiza kaye. Ntchito ya sukuluyo ndiyo imatidyetsa, choncho mantha anatigwira.

"Mayi, kodi khonsolo ilipo kuti izitani?" anandifunsa bambowo m'mawa wina, tepi ili m'khosi. "Munthu angobwera n'kudzanditchera makina pamphuno?"

Anakhala pansi n'kulemba kalata yamasamba awiri. Anapempha lamulo loti chiphaso cha utelala chizipatsidwa kwa amene wasoka zaka khumi, komanso kuti mumsewu umodzi muzikhala telala mmodzi basi. Ndinawaperekeza ku khonsolo, poti ndimawadziwa: akapsa mtima amaiwala ndi magalasi omwe.

Titalowa mu ofesi ya ziphaso, tinapeza mwana wathu woyamba ali pamzere, fomu ili m'manja. Mtsikanayu anakulira pansi pa makina a bambo ake, akutola tizidutswa ta nsalu, ndipo chaka chatha anamaliza maphunziro a zosokasoka. Anali atapeza kachipinda kumapeto kwa msewu wathu womwewo. Ine ndinkadziwa, koma anandipempha kuti ndisaulule mpaka chiphaso chituluke.

"Iwe, ukutani kuno?" anafunsa bambo ake.

"Ndimafuna ndikudzidzimutseni, ababa. Ndikutsegula panga."

Nkhope ya bambowo inawala ngati ya mwana amene wagulidwa nsapato. Kalata ija anaiiwala, mpaka mayi woona za ziphaso anaitenga patebulo n'kuiwerenga.

"Bambo, ndi ufulu wanu kuti kalatayi ikafike kumsonkhano wa makhansala," anatero mayiyo mwaulemu. "Koma ndifunseko. Mwana wanuyu wasoka zaka zingati?"

"Payekha? Chimodzi. Koma dzanja lake ndi langa lenileni!"

"Ndiye lamulo lanuli likadutsa, adikire zaka zisanu ndi zinayi. Akadzatero, akafunenso msewu wina, poti mwanu muli kale inu."

Bambowo anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Ayi, ine ndimanena mayi wapatsidya uja."

"Lamulo silisankha nkhope, bambo. Ife ntchito yathu ndi kuona kuti nyumba ndi yolimba, mawaya amagetsi ali bwino, zinyalala zikuchotsedwa, ndipo palibe amene akubera anthu. Koma woti asoke diresi la munthu, amasankha ndi mwini diresi. Kukakhala telala mmodzi, mtengo umakwera ndipo anthu amadikira mpaka ukwati kudutsa."

Apo ndinalephera kudzigwira, ndinaseka. Diresi lina laukwati linatulukadi kwathu mkwatibwi ali kale ndi pathupi.

Amuna anga anatenga kalata yawo mwakachetechete. Ndinawamvera chisoni, chifukwa sanailembe ndi nkhanza, anailemba ndi mantha. Tili m'njira anati, "Ndinatsala pang'ono kumutsekera chitseko mwana wanga ndi dzanja langa lomwe."

Tsiku lomwelo anakhoma kabolodi pakhoma, n'kuyamba kulembapo ndi choko chovala chilichonse ndi tsiku lake. Ntchito ikachuluka, anaphunzira kunena kuti, "Sabata ino sindingathe." Anasoka yunifomu imodzi yachitsanzo, ya matumba olimba oti mwana angaikemo miyala osang'ambika, n'kupita nayo okha kusukulu. Aphunzitsi aakulu anayerekeza ndi ya mayi wapatsidya, ndipo anagawa ntchito: malaya kwa iye, akabudula ndi masiketi kwa ife. Tinamaliza kutatsala masiku anayi kuti sukulu itsegulidwe.

Kumsonkhano wa makhansala bambowo anapitabe, koma anakapempha zina: kuti mafomu a chiphaso achepe, achinyamata asamathe nsapato poyendera sitampu. Kalata yakale ija anaidula n'kupangira patani ya kolala, ndipo inali mphatso yawo yoyamba mushopu ya mwana wathu.

Anzanga, mpikisano ukakupanani, konzani ntchito yanu m'malo mopempha boma kuti litsekere ena. Lamulo lotsekera mnzanu lero lidzatsekeranso mwana wanu. Kwathu kuno dzina la aMawa silinachoke, koma masiku ano akakuuzani kuti mawa, mubwere ndi thumba lotengeramo.